Mafupa a Pansi pa Mzere Wakuda

Ana a Fomu 1 pa sukulu ina ku Chirimba anawapatsa a Vitalis Namaona dzina loti Wanena Ndani, ndipo dzinalo linawakhala. Bambowa ukawauza kuti mawa kugwa mvula, ankafunsa kuti wanena ndani. Ukati wanena ndi mnzako, ankafunanso kudziwa ngati mnzakoyo anaona yekha kapena anangotola m'minibasi. Anthu otere amatopetsa paukwati ndi pamaliro pomwe, koma m'kalasi ya mbiri yakale ndi amene amafunika.

Lachiwiri lina m'mwezi wa Julaye, kunja kukuzizira ndi chiperoni, analowa m'kalasi atanyamula botolo lapulasitiki lodula kukamwa. M'botolomo anali atathiramo dothi mosanjikiza: katondo pansi, phulusa pamwamba pake, kenako mchenga, kenako dothi lakuda la m'dimba. M'katondo anakwiriramo kaphale, mumchenga anakwiriramo chitsekerero cha botolo.

"Chakale n'chiti pa ziwirizi?" anafunsa.

Mtsikana wina wokhala kutsogolo, Hajira, anaimika mkono. "Phalelo, Sala. Lili pansi. Dothi lapamwambalo labwera mochedwa."

"Wanena ndani?"

Kalasi yonse inaseka, popeza inkadikira funso lomwelo.

"Dothi lomwelo, Sala," anayankha Hajira.

A Vitalis anagwedeza mutu. Anawafotokozera anawo kuti panali nthawi yaitali imene anthu anali asanayambe kulemba, yopanda kalata, yopanda kaundula, yopanda ndi mwala womwe wolembapo dzina. Za anthu amenewo timazidziwa ndi zimene anasiya m'nthaka: mapale, mikanda, makala a pamoto wawo, mafupa awo. Akatswiri amatenga khala kapena fupa n'kukaliyeza ku makina kuti adziwe zaka zake, koma asanatero amayamba aona kaye kuti chinthucho chinagona pati. Anali akulemba zimenezi pabolodi pamene foni inanjenjemera m'thumba.

Anali a Laban, mchimwene wa mkazi wawo.

"Alamu, bwerani ku Chilobwe pompano. Ella wapezeka."

Choko chinawagwa m'manja. Anauza anawo kuti akopere zimene zili pabolodi, n'kutuluka, jekete atayiiwala pampando.

M'mwezi wa Malichi chaka chapitacho, pamene mvula ya namondwe wa Freddy inagwa masiku osapuma, banja lawo linkakhala ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche. Madzi atayamba kulowa m'nyumba, mkazi wawo Ella anawauza kuti atsogole ndi mwana wawo Atikonda kutchalitchi kumene anthu ankathawira, iye atsalire pang'ono amange mabulangete. Asanafike n'komwe kutchalitchiko, phiri linabangula kumbuyo kwawo. Atatembenuka, pamene panali nyumba yawo ndi za anzawo panali matope ndi miyala yaikulu kuposa nyumbazo. Anthu ena anapezeka tsiku lomwelo, ena patapita milungu. Ella sanapezeke.

Kameneka kanali kachinayi kuitanidwa. Koyamba kunali kunyumba yachisoni, kumene anawaonetsa mayi amene sankamudziwa. Kachiwiri kunamveka kuti Ella amuona mumsika wa Limbe akutola masamba a kabichi, mutu utasokonezeka. A Vitalis anayenda masiku asanu kutsata mphekeserayo, munthu uyu kuwatumiza kwa uyo, mpaka anafika kwa amene anayambitsa nkhaniyo, yemwe anavomera kuti Ella sanamuonepo chibadwire. Kachitatu kunali kwa mneneri wina amene analota malo, anthu n'kukumba tsiku lonse n'kupeza chitseko. Ulendo uliwonse mafunso awo ndi amene ankatha chiyembekezo cha anthu, ndipo kuchikamwini anayamba kunong'ona kuti aphunzitsiwa ndi ouma mtima. Sankadziwa kuti bamboyo ankalirira kubafa kuti mwana asamve.

Wovutika kwambiri anali apongozi awo, mayi ake a Ella, amene ankakhala ku Ndirande kwa a Laban. Akuluakulu atanena kuti popeza thupi lasowa aike thunthu la nthochi m'bokosi maliro athe, mayiwo anakana. "Ine sindinabereke nthochi," anatero, ndipo nkhani inathera pomwepo. Chichokereni tsiku limenelo tsitsi sanamete. Tsopano miyendo inali itatupa, mtima ukuwavuta, ndipo aliyense ankaona kuti chimene chinkawasunga ndi kufuna kuona manda a mwana wawo asanatsikire okha kumanda.

M'tauni a Vitalis anasintha minibasi. Kondakitala ankawapanikiza kuti asendere, iwo osamva. M'njira monse ankangodziuza chinthu chimodzi: lero sindifunsa. Anali atatopa ndi kukhala munthu wobweretsa nkhani yoipa. Ankafuna malo oti Atikonda azikasesa ndi kuikapo maluwa, malo oti nawonso azikakhala pansi Lamlungu masana.

Pamene matope anadutsa panatsala chigwembe chachikulu, ndipo anthu osauka sachedwa kupeza ntchito ngakhale pamalo atsoka. Ena ankaswa miyala, ena ankakumba mchenga wogulitsa kwa omanga. Tsiku limenelo ntchito inali itaima. Anthu anali atazungulira m'mphepete, amayi atafunda zitenje chifukwa cha kuzizira, ndipo wapolisi wachinyamata anaima pambali ndi kabuku m'manja.

A Laban anawachingamira, maso ali psuu. M'manja anali ndi chitenje chong'ambika, chothimbirira ndi matope, koma chithunzi cha Amayi Maria chinkaonekabe.

"Mukuchidziwa ichi, alamu?"

Ankachidziwa. Ella anali nacho chotero, cha chikondwerero cha parishi yawo, ndipo ankachikonda. A Vitalis anachigwira. Mumtima mawu ena anayamba kunena kuti amayi onse a m'parishimo anagula chitenje chomwecho, koma anawatontholetsa.

"Amayi ndawauza kale," anatero a Laban. "Amayi a kutchalitchi ayamba kusonkhana kunyumba. Apolisiwa akungofuna inuyo mwini wake muvomereze, zinazo zitsatira."

Mayi wina wogulitsa makala anasendera pafupi. "Ndi yemweyo, bambo. Madzi anamukokera mbali inoyi. Anthu anamuona."

Funso linafika pamlomo. A Vitalis analimeza. Anangoti zikomo, n'kupempha kuti akaone.

Amene anawatsogolera kutsika m'chigwembemo anali Paston, wokumba mchenga amene anapeza mafupawo. Anali munthu wochepa thupi, wamanja olimba, ndipo ankaoneka kuti wachita mantha ndi zimene piki yake yatulutsa. Anafika pamene anali ataphimbapo thumba, n'kuvundukula.

A Vitalis sanafune kuyang'ana khoma la chigwembecho, koma maso a munthu sasiya ntchito imene anazolowera. Pamwamba panali matope otuwa osakanikirana ndi miyala, otalika kupitirira munthu, ndipo m'matopemo munkatuluka nsonga ya lata, chigubu chophwanyika, waya, nsapato ya mwana. Pansi pa matopewo panadutsa mzere wakuda wopyapyala, dothi limene anthu ankapondapo phiri lisanagumuke. Pansi pa mzere wakudawo panali katondo wolimba, wosasokonezeka. Mafupa anali m'katondo.

Anagwada. Munthuyo anagona cham'mbali, mawondo atapindidwira pachifuwa, manja ali pafupi ndi nkhope. Kumutu kunali mphika wadothi, woswedwa ndi piki, wokhala ndi timizere tolembalemba m'khosi. Mafupawo anali ofiirira ngati dothi lomwelo, ndipo kachidutswa kamene Paston anakhudza kanafumbutuka m'zala.

Lonjezo lawo la m'minibasi linatha.

"Achimwene, chitenjechi munachipeza pati?"

Paston analoza m'mwamba. "Apo, bwana. M'matopemo. Dzulo."

"Mafupawa?"

"Lero m'mawa. Ndimafuna ndione ngati pansipa pali mchenga."

"Pamene mumakumba, dothi la pamwamba pa mafupawa linali lofewa kapena lolimba?"

"Lolimba zedi. Piki imachita kudumpha."

Panatsala chinthu chimodzi. Ali ndi pakati pa Atikonda, Ella anakachotsetsa dzino lakumanja lam'munsi, ndipo ankadandaula kuti chimanga chokazinga amatafunira mbali imodzi. A Vitalis anawerama, n'kupukuta dothi pachibwano ndi chala. Mano onse analipo, operepeseka chifukwa cha kutafuna zolimba zaka zambiri. Anakhala chigwadire kwa nthawi, chifukwa kuimirira kunali kuyamba kunena.

A Laban anali atatsika nawo ndipo anamva mafunso onse. Anawagwira pamkono n'kuwakokera pambali, kumene Paston sakanamva.

"Alamu, kuno si kukalasi."

"Si mayi a Atikonda awa."

"Mwadziwa bwanji? Mafupa ndi mafupa."

"Matope amaponya munthu mulimonse, alamu. Munawaona amene tinkawafukula chaka chatha. Uyu anagonekedwa ndi manja a anthu. Anamupinda mawondo, anamuikira mphika kumutu. Ali pansi pa dothi limene ife tinkayendapo. Anagona apa Chilobwe kulibe."

"Nanga chitenje?"

"Chitenje n'cha m'matope. Mwina n'chake, mwina n'cha mayi wina. Koma chitenje ndi mafupawa sizinakumanepo."

A Laban anayang'ana kumwamba kumene anthu ankasuzumira, kenako anatsitsa mawu. "Mukuganiza kuti ine ndine wopusa? Inenso ndaona kuti mafupawa ndi akale. Ndaona m'mawa momwe. Koma amayi aja mvula ikubwerayi saiona, adokotala anandiuza ine. Mukufuna apite mtima uli m'mwamba? Tiike awa m'bokosi, titseke, wansembe apemphere, amayi amete tsitsi. Adziwe ndani? Ine ndi inu basi. Ndakupemphani chiyani chichokereni pamene munakwatira mlongo wanga?"

Sanawapemphepo kanthu, zinali zoona. Ndipo a Laban sanali munthu wabodza. Anali dalaivala wa lole ku Makata amene anasiya ntchito milungu itatu kukumba matope ndi manja kufunafuna mlongo wake. A Vitalis anawamvera chisoni, nadzimvera chisoni okha, chifukwa zimene mlamu wawoyo ankapempha ndi zomwe iwonso ankafuna.

Anakwera pamwamba. Wapolisi uja anatsegula kabuku kake n'kufunsa mwaulemu ngati iwo ndi amuna ake a malemu, ndipo ngati akuvomereza kuti ndi mkazi wawo. Mayi wamakala uja anali atayamba kale kusisima.

Kunena kuti inde kunali kosavuta. Mawu amodzi, ndipo Loweruka kukanakhala maliro, kwaya ikanaimba, Atikonda akanaponya dothi m'manda ngati ana ena onse amasiye. Koma anaona zimene zikanatsatira. Dzina la Ella likanachotsedwa pa mndandanda wa osowa. Tsiku lina wokumba mchenga wina akanapeza mayi wopanda dzino lakumanja, ndipo palibe amene akanaimbira foni ku Chirimba, popeza mkazi wa aphunzitsi anaikidwa kale. Ella akanatsala yekha m'phirimo, mwamuna wake akupalira manda a mlendo. Ndipo mlendoyo naye anali ndi ake amene anamulira, amene anamukumbira m'katondo wolimba chonchija popanda piki.

"Ayi," anatero. "Si mkazi wanga. Munthu uyu ali kale ndi manda ake, ndi omwewa. Muwadziwitse a kumiyuziyamu, osunga zinthu zakale aja, ndipo pasakumbidwenso mpaka abwere."

Anthu anang'ung'udza. Wina kumbuyo ananena momveka kuti sukulu ikachuluka imaononga munthu. A Laban sanakalipe. Anapinda chitenje chija bwinobwino, n'kuwapatsa m'manja.

"Mukawauze nokha amayi," anatero. "Ine pakamwa panga sipangathe."

Anafika ku Ndirande dzuwa litapendeka. Nyimbo anayamba kuimva ali kumsewu. Amayi a kutchalitchi anali atakhala pamphasa pabwalo, akuimba motsitsa nyimbo za maliro, ena atabwera kale ndi mitolo ya nkhuni. Atawaona anasendera kuti adutse, ndipo mmodzi anawagwira dzanja n'kunena kuti Mulungu wayankha.

Apongozi awo anali m'chipinda chawo, atakhala pamatiresi, miyendo yotupayo atayitambasula. Zaka khumi ndi zinayi za ukwati, a Vitalis anali asanakhalepo nawo maso ndi maso. Mwambo wa kwawo unali wotero: mkamwini amagwada patali, apongozi amayang'ana kumbali, mawu amadutsa ngati akulankhula ndi khoma. Anagwada pakhomo, kunja kwa chitseko. Mayiwo anatembenuzira nkhope kuzenera.

"Mwabwera, bambo a Atikonda."

"Ndabwera, amayi."

"Mwamuona?"

"Ndaona mafupa, amayi. Si a mwana wanu."

Kunja nyimbo inkapitirira, popeza oimbawo sanamve.

"Laban anati chitenje chake chilipo."

"Chitenje chilipo, ndabwera nacho. Koma chinali pamwamba, m'matope a chaka chatha. Mafupawo ali pansi, m'dothi limene silinagwedezeke. Ndipo mano ndi okwanira. Mwana wanu dzino limodzi analibe."

"Lakumanja," anatero mayiwo. "Ndinamuperekeza ndine kuchipatala."

A Vitalis anadikira kukalipiridwa, ndipo akanakonda kutero. Koma mayiwo anafunsa ndi mawu abata, ngati munthu wofunsa njira.

"Nanga ameneyo ndi ndani?"

"Sitikudziwa, amayi. Ndi munthu wakale kwambiri."

"Wa nthawi ya makolo athu, pamene ankabwera kuchokera ku Mozambiki?"

"Kale kuposa pamenepo. Mwina zaka mazanamazana. Akatswiri akayeza adzanena."

"Adzanena dzina lake?"

"Dzina ayi. Nthawi imeneyo kunalibe kulemba. Adzanena zaka zokha, mwinanso ngati anali mwamuna kapena mkazi."

"Anali ndi mayi ake."

"Anali nawo."

Mayiwo anapuma movutikira, dzanja lili pachifuwa. Kenako anachita chimene sanachitepo. Anachotsa nkhope kuzenera n'kuyang'ana mkamwini wawo m'maso. A Vitalis anafuna kuzolika, koma analephera. Nkhopeyo inali ya Ella atakalamba, ukalamba umene Ella sadzaufika.

"Inu simunama, n'chifukwa chake ndikufunsa inu osati Laban. Mwana wanga ndidzamuona ndili moyo?"

Iwo amene ankaphunzitsa ana kuti asanene chimene alibe nacho umboni anafunafuna mumtima kanthu kakang'ono koti agwirepo. Anaganiza za kutalika kwa matope aja, za miyala ija, za chigwembe chimene chinatsika mpaka kumtsinje. Sanapeze kanthu.

"Sindikudziwa, amayi. Koma sindikhulupirira."

"Ndiye adzamufukula anthu osamudziwa, ngati mmene mwachitira ndi uyu lero. Adzawerenga mano ake."

"Mwina zidzatero."

Misozi inawatsika a Vitalis pamaso pa apongozi awo, ndipo sanaipukute. Mayiwo anatambasula dzanja. A Vitalis anawapatsa chitenje chija, akukwawa ndi mawondo kulowa m'chipinda chimene sanalowemo ndi kale lonse. Mayiwo anachifunyulula, n'kuchiyala pamiyendo pawo ndi matope ake omwe, n'kuchisalaza ndi zikhato.

"Kawauzeni amayiwo aleke kuimba," anatero. "Nkhunizo abwerere nazo, akaphikire ana awo. Adzabwera nazo pa ine."